Nyali Yosaunikira Anthu Itamandike

Pa nyali zonse zimene munthu wapanga, kuyambira koloboyi wa parafini mpaka mababu a masiku ano, pali imodzi imene sinapangidwe kuti iunikire munthu, ndipo yafika nthawi yoti tiiwombere m'manja. Ndikunena nyali ya buluu ija imene imalendewera pamwamba pa thanki ya galasi ya madzi amchere, momwe anthu ena amawetamo makorali. Amene anakhalapo m'mafulati a ku Johannesburg, Durban kapena Manchester akuidziwa bwino: pakati pa mazenera onse a nyumba yosanja pamakhala limodzi loyaka buluu madzulo aliwonse, moti odutsa mumsewu amatsutsana ngati mkatimo muli bala, apolisi, kapena mpingo watsopano wa mneneri. Pansi pa kuwala kumeneku simungawerenge nyuzipepala, simungalowetse ulusi pa singano, nsima imataya mtundu wake wonse, ndipo mlendo wathanzi amaoneka wofunika kuthamangira naye kuchipatala. Oinyoza amawerenga zimenezi monga milandu. Ine ndikuti ndiwo ulemerero wake, chifukwa m'nyumba monse ndi chipangizo chokhachi chimene chimauza mwini nyumba mosapsatira mawu kuti si iye wofunika kwambiri pakhomopo.

Tiyambe ndi kufunsa kuti nyaliyi imatumikira yani. Si nsomba, pakuti nsomba zimasambira bwinobwino ndi kuwala kwa mtundu uliwonse. Ngakhale korali weniweniyo, amene ambiri amamuyesa mwala kapena chomera pamene ali nyama, si iye amene amadya kuwalako. M'mnofu mwake mumakhala ndere za selo imodzi zotchedwa zooxanthellae, zazing'ono moti 100 zitandondozana pamzere zingangokwana milimita imodzi. Nderezi zikuchita lendi: korali ndiye landilodi, amazipatsa chipinda ndi chitetezo, ndipo izo zimalipira ndi shuga amene zimapanga pogwiritsa ntchito kuwala. Mwa makorali ambiri a m'madzi osaya, lendi imeneyi imatha kufika magawo 90 mwa 100 a chakudya chonse cha landilodi. Choncho bambo wamkulu, wa digiri yake ndi ngongole yake ya galimoto, akatulutsa ndalama zoti akanagulira firiji n'kugula nyali, amakhala akugulira kanthu kamene sadzakaona ndi maso ake mpaka imfa, komanso kamene sikadzamuthokoza. Alaliki akhala akutiphunzitsa kupereka osayembekezera zikomo. Nyaliyi imamaliza phunzirolo ndi risiti imodzi.

Nanga bwanji buluu? Madzi a m'nyanja yamchere amameza kuwala mosankha. Kofiira ndiko kumayamba kutha, ndipo pofika mamita 10 kumakhala kutatsala pang'ono kwambiri, pamene kwa buluu kumalowa pansi kuposa konse. Ndere za m'makorali zinazolowera zimenezi, ndipo zimagwira kwambiri kuwala kwa m'dera la mananomita 450. Diso la munthu lili kwina: limaona bwino koposa pa 555, pakati pa kobiriwira ndi kwachikasu, ndipo pa buluu n'lofooka. Msampha wagona pamenepa, chifukwa nyali yooneka yozilala kwa mwini wake ingakhale ikumuwotcha korali. Mu 2014 Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura analandira mphotho ya Nobel chifukwa chopanga LED ya buluu, ndipo opereka mphothoyo anakamba za anthu oposa biliyoni imodzi opanda magetsi amene luso limeneli lingawathandize. Sanatchulepo mkulu amene amapunthwa pa mipando m'chipinda chake chochezera n'cholinga choti ndere zidye bwino, koma sayansi ilibe tsankho.

Woyamba kumene amalowa m'sitolo ndi funso limodzi, loti ndigule iti, n'kutulukamo ndi mafunso khumi. Pali nyali zakale za metal halide, za mawati 250 kapena 400, zimene zinalera makorali okongola kwa zaka zambiri. Koma zimatenthetsa madzi amene ayenera kukhala pa madigiri 25 kapena 26, ndiye mwini wake amagulanso makina oziziritsira, n'kumalipira kawiri, kutentha ndi kuchotsa kutenthako. Pali machubu a T5, amene amamwaza kuwala mofanana paliponse koma amafuna kusinthidwa pafupifupi chaka chilichonse akadali kuyaka bwinobwino, zimene zimapweteka mtima wa aliyense woleredwa podziwa kuti babu silitayidwa lisanapse. Kenako pali za LED, monga Radion, Kessil ndi AI Prime, zosatenthetsa madzi kwambiri ndiponso zoyendetsedwa ndi foni. Wogulitsa amachenjeza kuti mawati sanena kanthu, chofunika ndi PAR, muyeso wa kuwala kumene ndere zingagwiritse ntchito. Oweta ambiri amati makorali ofewa amakhutira ndi 50 mpaka 150, pamene korali wa nthambi wotchedwa Acropora amafuna 250 kapena kuposa. Dzuwa la masana m'madera otentha limafika cha m'ma 2,000 pamwamba pa madzi. Nzeru zenizeni n'zosasangalatsa, mwina n'chifukwa chake ochepa amazitsatira: sankhani kaye korali, nyali pambuyo, yambani ndi ofewa, ooneka ngati bowa aja ndi zoanthid, thanki yosazama kupitirira theka la mita siifuna nyali yoopsa, onetsetsani kuti kuwala kukufika m'makona monse osati kuboola pakati pokha, yatsani maola 8 mpaka 10, ndipo muziwonjezera mphamvu pang'onopang'ono kwa masabata angapo. Koma munthu ndi munthu. Amagula yamphamvu kuposa zonse m'sitolomo, poganizira Acropora amene adzawete zaka zikubwerazo, akafika kunyumba n'kuitsitsa mpaka magawo 30 mwa 100. Magawo 70 otsalawo amagona m'nyalimo, olipiridwa kale, ndipo ntchito yawo n'kutchulidwa pamaso pa alendo.

Akapanda kuitsitsa amaona zakuda. Kuwala kukachuluka, ndere zimalephera kukugwiritsa ntchito konse ndipo zimayamba kutulutsa mankhwala owononga mnofu wa korali. Landilodi amatopa nazo, amaponyera ochita lendi katundu panja, n'kutsala woyera mbee, mafupa ake a laimu akuonekera, wopanda womulipira. Kuwala kukachepa amathithikiza ochita lendi ambiri m'chipinda chilichonse kuti atolere zokwanira, ndipo korali amene anagulidwa wapinki amasanduka wabulauni. Apa nthabwala imayamba kuwawa, chifukwa kuyera komweku kukuchitika m'nyanja zenizeni kumene kulibe foni yotsitsira dzuwa. Madzi akatentha ndi digiri imodzi yokha kuposa mmene amachitira m'nyengo yotentha, n'kukhala choncho masabata angapo, mgwirizano uja umatha. Mu 1998 zinachitika m'madera ambiri a Indian Ocean, kuphatikizapo gombe la Mozambique. Ku Great Barrier Reef ku Australia zinachitika chaka chomwecho, n'kubwereza kangapo, monga mu 2016, 2017 ndi 2024. Dziko lotha kupanga nyali yoti kachidutswa ka korali ka masentimita atatu kasadandaule likulephera kuletsa nyanja kutentha. Akuluakulu amakumana chaka ndi chaka m'mahotela ozizira bwino, kudya, kusainirana, kulandira maalawansi, n'kugwirizana chinthu chimodzi chokha, mzinda umene kudzachitikire msonkhano wotsatira.

Tibwerere ku zokoma, pakuti pachimake pa ulemerero wa nyaliyi pali magalasi a olenji. Makorali ambiri ali ndi mapuloteni amene amameza kuwala kwa buluu n'kukubweza kuli kobiriwira, kofiira kapena kwa olenji. Ndi abale a puloteni ija ya m'kanyama ka m'nyanja kotchedwa Aequorea victoria, imene inapezetsa Osamu Shimomura, Martin Chalfie ndi Roger Tsien mphotho ya Nobel mu 2008. Kuti mitunduyi iyake pamafunika buluu wambiri. Koma buluu akachuluka amaphimba zonse, ndipo kamera ya foni imangojambula chifunga momwe simungasiyanitse korali ndi sokosi yogwera m'madzi. Mankhwala ake? Woweta amagula magalasi a olenji ovala kumaso, ndi kagalasi kena ka olenji kopanira pa kamera ya foni, ntchito yake kuchotsa buluu. Taimani pamenepo mulingalire. Munthu wasala nyama miyezi ingapo kuti agule buluu. Wagula mayunitsi kuti buluuyo ayake. Kenako wabwerera m'sitolo momwemo, kwa wogulitsa yemweyo, kukagula chida chotchingira buluu yemweyo asanafike m'diso mwake. Usiku mumupeza pa mpando, zitseko zotseka, makatani otseka, atavala magalasi a dzuwa, akugwedezera mutu kanthu kosayenda. Mlendo akabwera amavekedwa magalasiwo asanapatsidwe ndi madzi akumwa omwe. Ndipo popeza magalasi amakhala amodzi okha, apongozi, alamu ndi ana amalandizana pamzere, aliyense n'kunena kuti eee, ngakhale agogo amene awavala chozondoka ndipo akuyang'ana pampu. Wotsutsa anganene kuti uku n'kuzungulira mutu. Koma ndi malonda ati ena amene amaika vuto ndi mankhwala ake pa shelefu imodzi, wogula n'kutuluka atathokoza kawiri? Andale akhala akuyesa luso limeneli kwa zaka zambiri, koma zikomo wachiwiriyo amawavutabe.

Nyali zodula zimawonjezera zina. Pa foni mungaitanitse mitambo, kuwala kwa mwezi, ngakhale ziphaliwali, nyali n'kumang'anima popanda bingu kapena dontho limodzi la mvula. Palibe umboni woti korali anapemphapo ziphaliwali. Nsomba zimathawira kuseri kwa miyala, galu amauwa, ndipo aneba a kutsidya kwa msewu, amene sanaitanidwepo kudzaona thanki, amatseka kafukufuku wawo: mkuluyo anakhwima, n'chifukwa chake akukwezedwa pantchito.

Mlandu wolemera kuposa yonse ndi woti nyaliyi siisankha. Kuwala kumene kumadyetsa ndere zolipira lendi kumadyetsanso zosaitanidwa, ndipo miyezi yoyamba ya thanki yatsopano imakhala ya izo: zabulauni pa mchenga, zaubweya zobiriwira pa miyala, ndi utoto wofiira wonanda umene kwenikweni ndi mabakiteriya. Koma wolakwa ndi wina. Zonsezi zimanenepa ndi nitrate ndi phosphate ochokera ku chakudya chimene mwini thanki amathira ndi dzanja lachifundo, ndipo nyali imangoika poyera zimene iye wachita. Akagula nkhono zoti zizinyambita galasi amatsimikiza yekha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Wina wa kwathu angafunsenso kuti zonsezi n'zachiyani, pamene mbuna za m'Nyanja ya Malawi zikukongoletsa mathanki ku Germany ndi ku America popanda mchere, popanda PAR, ndi chubu wamba chimodzi. N'zoona, ndipo mbuna ya buluu imakhala ya buluu dzuwa likuswa mtengo, popanda kuivalira magalasi. Kungoti palibe amene anaganiziridwapo zokhwima chifukwa cha chubu wamba, ndipo ulemu umenewo sugulidwa motchipa.

Chotsala ndi magetsi. Nyali ya mawati 100 yoyaka maola 10 imadya yuniti imodzi patsiku, 30 pamwezi, tisanawerenge mapampu ndi hita. Koma taonani mmene imasungira nthawi. Mwini akaiuza kuti dzuwa lituluke 11 koloko m'mawa n'kulowa 9 koloko usiku, kuti akaweruka kuntchito apeze m'thankimo mukadali masana, imatero tsiku lililonse osaphonya mphindi. Yerekezani ndi ndandanda ya kuzima kwa magetsi imene akuluakulu ena amalengeza ndi nkhope zaulemu, yoti azima 2 koloko n'kuyaka 6, iwo n'kuzima 11 n'kudzayaka mawa. Ndipo ngakhale pamenepa nyaliyi imadzichepetsa, pakuti magetsi akazima si iyo yofunika kupulumutsidwa: makorali amapirira mdima masiku awiri kapena atatu, koma mapampu akaima mpweya umayamba kutha m'madzi m'maola ochepa. Choncho batire limapita ku pampu, za mufiriji zimasungunuka, ana amalemba homuweki ndi tochi ya foni, ndipo mfumu ya zipangizo zonse ija imadikira pamzere umodzi ndi ayironi ndi ketulo, mpaka abwana a kumagetsi atamaliza msonkhano wofufuza chifukwa chimene anyani akupitirizabe kukwera pa mathiransifoma.