Mawu a Mchira Umodzi

Kwa Mfumu Mphuka, m'boma la Luangwa limene makolo ankalitcha Feira, kumene mtsinje wa Luangwa uthira madzi ake mu Zambezi, ana a sukulu akali kusenza goli la Chingerezi, limene lamulo la maphunziro la 1966 lidaika pakhosi pa ana a Zambia yense. Mphunzitsi wachifundo, pofuna kupepuza katunduyo, amandandalika mawu pabolodi monga mwa kutalika kwawo ndi mathero awo: a malembo 5 uku, cough, rough, dough ndi bough, a malembo 6 uko, though ndi enough, ndipo pansi penipeni through, wa malembo 7. Mwana, poona kuti onsewa avala mchira umodzi wa ough, ayesa kuti ndi a mfunda umodzi, nawatchula mofanana. Koma taonani, cough athera pa f, dough ameza malembo ake otsiriza, ndipo through sagwirizana ndi mnzake ndi mmodzi yemwe.

Chinyanja chathu, pokhala chinenero chaulemu, sichichita chinyengo chotere, pakuti mawu ake onse athera pa a, e, i, o kapena u, ndipo chimene diso laona ndicho lilime linena.

M'Baibulo, pa madooko a Yordano, Aefraimu adaphedwa chifukwa cholephera kutchula liwu limodzi lokha. Tiyamike Mulungu kuti woolokera ku Zumbo, kutsidya kwa malire, amafunsidwa chiphaso, osati katchulidwe ka bough. Inu aphunzitsi, lezani mtima ndi anawa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene adasokoneza malembowa si iwo ayi.