Tulo tiwiri, buku limodzi

Ndili Folomu 4, mnzanga wina wa m'hositelo, yemwe ankakhoza masamu ngati anachita kutemera, anandinong'oneza chinsinsi chake. Akuti tulo n'chimodzimodzi sikono: ukanyema pakati zimaoneka zambiri. Pulepu ikatha 9 koloko ugone, udzuke 12 koloko, uwerenge mpaka 3 koloko, kenako ugonenso mpaka 5 koloko. Ine, poti MSCE inali itandisowetsa kale mtendere, ndinalandira nzeruzo ndi manja awiri.

Usiku woyamba ndinadzukadi. Ndinaviika mapazi m'chidebe cha madzi ozizira monga ankachitira akuluakulu amene anatitsogolera, kandulo patsogolo, buku la Biology pamiyendo. Ndime imodzi ya photosynthesis ndinaiwerenga kanayi. Chotsatira ndinangomva tambala. Kandulo inali itatha, tsamba la buku litamatirira patsaya, mapazi ali m'chidebe momwemo, atatuwa ngati chinangwa choviika cha kondowole.

Tulo tachiwiri sitinasowe ayi, tinangosamuka. Tinkandipeza 2 koloko masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, m'mimba muli nsima ya mgaiwa ndi nyemba zofumbwa. Mutu unkangogwedezeka wokha.

"Achimwene kumbuyoko," anatero aphunzitsi tsiku lina, "zonse ndikunenazi mukugwirizana nazo?"

"Inde, Sala."

"Ndati chiyani?"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko, kuphatikizapo mwini nzeru uja.

Patapita zaka ndinamva kuti zogona kawirizi si misala ya kuhositelo kwathu kokha. Katswiri wa mbiri yakale wa ku Virginia Tech ku America, Roger Ekirch, analemba m'buku lake la 2005, At Day's Close, kuti nyali za m'misewu ndi magetsi zisanafale, anthu ambiri ku Ulaya ankagona tulo toyamba, n'kudzuka pakati pa usiku kwa ola limodzi kapena kuposerapo. Ena ankapemphera, ena kucheza, kenako n'kubwerera ku tulo tachiwiri. Wofufuza winanso wa ku America komweko, Thomas Wehr, anaika anthu mumdima maola 14 usiku uliwonse kwa mwezi wathunthu, ndipo matupi awo anayamba okha kugona maola pafupifupi anayi, kudzuka pang'ono, n'kugonanso ena anayi.

Nditamva zimenezi ndinayenda modzitukumula sabata yathunthu, n'kumauza aliyense kuti ndinatulukira sayansi ndili mwana. Mayi a kunyumba ndi amene anandiphwetsa. "Anayi kuphatikiza anayi ndi angati, bambo? Nanga inu munkagawa angati?" Ndinawerenga zala: atatu ndi awiri. Azungu aja ankanyema sikono yathunthu, ine ndinkanyema nyenyeswa. Komanso pakati pa tulo tawo tiwirito panalibe wowafunsa za photosynthesis. Maola 8 amene ndinkathawa aja ndinakawapeza pasatifiketi: Biology, 8.

Chimene thupi langa linaphunzira bwino chaka chimenecho n'chimodzi basi. Mpaka lero, 12 koloko ikakwana, maso amangoti phenyu popanda belu. Ndimatsika pabedi mwakachetechete, n'kunyang'ama kupita kukhitchini kumene kumagona mkute ndi mphika wa usipa. Dzana chivundikiro chinandipulumuka n'kugwa pansi.

"Bambo a mwana," mawu anachokera kuchipinda, "mukuwerenga phunziro lanji kumeneko?"