Mankhwala nawo akoma akagonera

Makolo ananena kuti mawu a akuluakulu akoma akagonera. Ankanena za malangizo, koma masiku ano mwambiwu wafika mpaka ku famase ya chipatala.

Mumveni gogo Clofazimine. Anabadwira ku Dublin m'zaka za m'ma 1950, cholinga chili choti athane ndi TB. Ntchitoyo inamukanika, ndiye anamusamutsira ku dipatimenti ya khate, komwe anakhala phee zaka zambirimbiri, wopanda womupatsa moni. Kenako TB inayamba kuderera rifampicin ndi isoniazid, akatundu aja tinkawadalira. Madokotala anakanda mitu mpaka wina anati, "Kodi agogo aja akadalipo?" Mu 2016 bungwe la WHO linavomereza njira yochizira TB yosamva mankhwala pa miyezi 9 mpaka 12 m'malo mwa zaka pafupifupi ziwiri, agogowo ali m'gulu la mankhwala ake. Kungoti sanasiye khalidwe lawo: amasintha khungu, kulifiiritsa kapena kulidetsa, mpaka anzako kumakufunsa mafuta amene ukudzola.

Mnzawo ndi Colistin wa ku Japan. Uyu anapumitsidwa ntchito m'ma 1970 chifukwa chowononga impso. Lero tizilombo ngati Klebsiella tikakana mankhwala ena onse, madokotala amamugwadira: "Pepani bwana, tinalakwa." Vuto ndi loti ali pa penshoni anapeza ganyu yonenepetsa nkhumba ku China. Tizilombo tinamuzolowera m'kholamo, ndipo mu 2015 asayansi analengeza za jini yotchedwa mcr-1, imene tizilombo timapatsirana kuti timupirire.

Bwanji osangopanga atsopano? Mankhwala atsopano amadya zaka zoposa khumi ndi ndalama zankhaninkhani, pomwe akalewa timawadziwa kale mphamvu zawo ndi zolakwa zawo zomwe. Ndiponso nthawi palibe: mu 2019 mokha, tizilombo tosamva mankhwala tinapha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse.

Nanga aphunzitsi a tizilomboti ndani? Ndife tomwe. Chimfine pang'ono, makapisozi awiri a pa okala. Thupi likangopepuka tsiku lachitatu, otsalawo tisungira mlamu kapena nkhuku yosinza. Tizilombo topulumuka timakhoza mayeso, n'kuphunzitsanso ana awo popanda fizi.

Agogo otsala pa shelefu ndi owerengeka, abale. Imwani mankhwala monga adokotala anenera, ndipo mlamu akadwala apite yekha kuchipatala.