Kaundula wa Zotuluka, Geni ya Nsapato, Kawale, Meyi 2024

Foni yogula kwa munthu, galasi losweka pakona: K85,000. Shopu, banki ndi basi ya ku Dar es Salaam zonse zili m'menemu.

Simu khadi yachiwiri: K1,000. Makasitomala ena ali pa Airtel Money, ena pa Mpamba, ndipo palibe wofuna kusamuka.

Bandulo ya mwezi: K12,000. Ya geni yeniyeni ndi theka. Theka linalo bambo a m'nyumba muno anaonera mpira, akuti amafufuza misika.

Mayunitsi a magetsi: K5,000. Alipobe ambiri, sanapeze mpata wogwira ntchito.

Kutchajitsa foni kwa wometa wa sola, magetsi atazima: K1,800.

Mandasi a mwana woimirira pa mulu wa njerwa atakweza foni kusaka netiweki: K200.

Pa 12 Meyi zingwe za intaneti za EASSy ndi Seacom zinaduka pansi pa nyanja ya Indian. Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, intaneti yathu imadzera kwa anansi, choncho ife ndi a ku Tanzania tinavutikira limodzi. Mwenye wathu wa ku Kariakoo anatumiza zithunzi za nsapato zatsopano, zithunzizo n'kumangozungulira osatseguka. Pomwe zimatseguka n'kuti mtengo utakwera, saizi 39 itatha, mayi wa ku Area 25 atagula kwina. Phindu lomira m'nyanja imene m'nyumba muno palibe anaionapo: K18,000.

Za ejenti potapa ndalama: K2,400.

Minibasi yopita m'tauni ndi kubwerera, chifukwa ejenti wa pano analibe ndalama yokwanira: K1,600.

Kabaza wokasiya nsapato ku Biwi: K1,500. Oda inabwera pa WhatsApp m'mphindi imodzi. Wakabaza anasochera masana onse, poti adiresi inali "kuseri kwa chigayo."

Kusintha mitengo pa sitetasi: ulere. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ntchito imeneyi timaigwira mwachangu kuposa makampani a ku Johannesburg.

Starlink, yomwe inafika m'dziko muno mu 2023: K0. Tinafunsa mtengo basi.

Zotuluka zonse: K128,500.

Zolowa: K61,000, kuphatikiza K9,000 ya alamu a ku Chinsapo, omwe anatumiza chithunzi chosonyeza kuti alipira. Chithunzicho chinafika bwinobwino.

A landilodi salandira za pafoni. Akufuna ndalama m'manja pa 1 Juni.