Fisi ndi Nambala 7

Padangotero.

Tili tonse.

Panali Fisi. Fisiyo anali ndi mbuzi 20 m'khola, ndipo musadabwe, kiyi wa kholalo ankasunga ndi mkazi wake. Fisi ankakonda nyimbo, kapena tinene kuti ankakonda kuti anzake azidziwa kuti iye amakonda nyimbo. Paukwati uliwonse malo ake anali amodzi, pafupi ndi chisipika chachikulu, chifukwa kumeneko n'kumene ophika ankataya mafupa. Anakhala pamenepo chaka ndi chaka mpaka makutu ake anayamba kulira okha usiku ngati mwalowa nyenje. Za nyenjezo sanauze munthu.

Tsiku lina la msika, Kalulu anabwera ndi kabokosi n'kukhala pansi pa mkuyu. Sanaitane aliyense. Anangotsegula kabokosiko, n'kutulutsa chinthu chonyezimira, n'kuyamba kuchipukuta ndi kansalu. Kupukuta, kuuzira mpweya, kupukuta. Nyama zinayamba kusendera.

"Kalulu, chimenecho n'chiyani?"

"Si cha malonda."

"Ife tangofunsa."

"Ndi mahedifoni. Koma si a malonda."

Pamenepo ndi pamene aliyense anawafuna.

Kalulu anachita ngati akukakamizidwa, kenako anafotokoza. Zigoba zake zinali za mlombwa, wosemedwa ndi Gogomole. M'kati munali kanembanemba kopyapyala kuposa khungu la anyezi, kamene kamanjenjemera pafupi ndi maginito monga chikopa cha ng'oma, ndipo maginitowo anali ochokera kutsidya la nyanja. Kumbuyo kwa zigobazo kunali kotseguka, kwa timabowo, kuti mawu azipuma. Pakapepala panalembedwa kuti mahedifoniwo amaimba kuyambira pa 5 hertz mpaka 50,000.

Inu ana, khutu la munthu wachinyamata limamva kuyambira cha pa 20 mpaka cha pa 20,000, ndipo akamakula mawu aang'ono apamwambawo ndiwo amayamba kuthawa. Zopitirira pamenepo ndi za Mleme. Zotsika kuposa pamenepo ndi za Njovu. Nanga khutu lokhala ndi nyenje lifika pati?

Mleme analipo, atazondoka panthambi. Anamvera pang'ono n'kunena kuti chibadwire sanamvepo zotere. Ananena zoona mwina, koma dzulo lake Kalulu anali atamulonjeza ake aulere.

Kalulu anapinda makutu ake aatali aja katatu, n'kuvala, n'kutsinzina. Msozi unatsika. Kenako anavula n'kumuveka Fisi.

"Mukumva, achimwene?"

"Ndikumva."

"Mwamva woimba ng'oma akupuma?"

"Ndamva."

"Mwamva chala chikutsetsereka pa waya wa gitala?"

"Ndamva bwinobwino."

Chimene Fisi anamva ndi Nkhanga akunenerera tomato, pakuti mahedifoni otseguka kumbuyo amalowetsa msika wonse. Koma nyama zinali zitamuzungulira, zikumuyang'ana pakamwa.

"Ndi zingati?" anafunsa Fisi.

Kalulu anapukusa mutu. "Ndi 40 okha, achimwene. Dziko lonse, 40 okha. Akatha, atha. Chikombole tidzaphwanya."

Anatulutsa kope. Pa nambala 1 panali Mkango. Pa nambala 2 panali Njovu. Mkango anali asanapereke kanthu, ndipo mutu wa Njovu sukanalowa ngakhale atalumikiza mahedifoni atatu, koma mayina awo anakhala bwino pamwamba pa tsambalo. Kalulu anayendetsa chala mpaka pansi, n'kupuma mozama.

"Ladzaza."

Fisi anachonderera. Anakumbutsa Kalulu kuti agogo awo ankamwa pachitsime chimodzi. Kalulu anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Musauze munthu. Ndifufuta Nguluwe."

Anafufuta Nguluwe, amene sankadziwa n'komwe kuti ali m'kopemo, n'kulemba Fisi pa nambala 7. Mtengo unali mbuzi 6, zolipiriratu zonse lero. Wodikira akanadzalipira 9, ngati akanawapeza. Katundu adzafika pokolola. Wosakhutira adzabweza pasanathe masiku 7 n'kulandira mbuzi zake.

Usiku umenewo Fisi anadikira mkazi wake kuti agone, n'kusolola kiyi pansi pa mphasa, n'kukaba m'khola lake lomwe.

Mmawa kope linadzazadi. Nyani analemba, Mbawala analemba, Ngwazi ya Nkhumba inalemba. Njoka analemba awiri. Atamufunsa kuti adzavala pati, poti makutu alibe, anayankha kuti iye safuna kumvera, akufuna kudzagulitsa mtengo ukakwera. Kamba yekha anafika mochedwa, n'kuyang'ana kapepala kaja kutsogolo ndi kumbuyo.

"Ndidzamvera akafika," anatero.

"Akafika adzakhala atatha!"

"Ndiye ndidzamvera a inu."

Anamuseka mpaka kukalowa m'chigoba.

Tsono tamverani. Kalulu analibe mahedifoni 40. Anali ndi amodzi aja opukutapukuta, ndipo analibe ngakhale mbuzi imodzi yoyambira ntchito. Mbuzi za Fisi ndizo zinalipira Gogomole. Mbuzi za Nyani ndizo zinaitanitsa maginito. Mlomo wa Gogomole ukanathyoka, kapena sitima ikanamira, m'khola la Kalulu simukanachoka kanthu, chifukwa khola analibe.

Anakolola. Pafoni panabwera uthenga: mlombwa sunaume, ndipo mtengo wauwisi umapindika. Tikuchita izi chifukwa chokukondani. Inadza nyengo yozizira. Uthenga: sitima yachedwa. Tikuchita izi chifukwa chokukondani. Dzuwa linatentha, masamba anayoyoka. Uthenga: katundu wafika pachipata, koma akufuna msonkho, mbuzi imodzi aliyense.

Fisi anapereka.

Miyezi yonseyi sanakhale chete. Pabwalo, pamowa, ngakhale pamaliro, ankafotokoza momwe mahedifoni ake amamvekera. Mawu apansi ndi ofunda, apakati ndi otsekemera, apamwamba ali ngati mame. Kawayilesi ka mnzake kakalira iye ankakwinya nkhope n'kuchokapo.

"Bambo a Tsoka," anafunsa mkazi wake, "mbuzi yamawanga ija ili kuti?"

"Ili pa sitima."

Mvula yoyamba itagwa, katundu anafika. Ndipo pano ndisaname: anali mahedifoni abwino. Kalulu si wakuba wa m'tchire woti n'kukupatsa mwala m'bokosi. Mlombwa unali wosalala, zikopa zofewa, ndipo pambali panali patazokotedwa nambala 7 mwa 40. Fisi anasamba m'manja, n'kuvala, n'kulumikiza kufoni yake.

Nyimbo inamveka ngati udzudzu uli m'botolo.

Anathamangira kwa Kalulu.

"Aa, achimwene, mwalumikiza kufoni? Awa ndi a 300 ohm. Timahedifoni tapamsika timakhala ta 32, n'chifukwa chake foni imatha kutikankha. Awa ndi ngolo yodzaza, ndiye inu mwamangirira tambala. Pafunika ampu."

Zimenezi zinali zoona. Kalulu anangoiwala kuzinena tsiku la msika lija. Mwamwayi ampu anali nayo, yolemera ngati mphero, ya mbuzi 5.

Fisi anapereka.

Mawu anakwera. Fisi anamvetsera, n'kumvetsera. Nyimbo zake zinali zomwe zija zotumizirana pafoni, zofinyidwa kuti zisadye bandulo, zina zojambulidwa paukwati pomwe. Mahedifoni abwino sabisa kanthu. Anamubweretsera kuphwanyika konse kwa nyimbozo, ndi mwana wolira kumbuyo, ndi nyenje zake zomwe. Anabwereranso kwa Kalulu.

"Waya," anatero Kalulu. "Wam'bokosiyo ndi wongoyambira. Madzi a pakasupe simungatungire m'chitini cha dzimbiri."

Waya wake anali wolukidwa ndi Kangaude, kumutu kwake kopakidwa golide, wa mbuzi 2.

Fisi anapereka. Anavala, n'kuvula, n'kusintha mawaya, n'kuvalanso. Nthawi zina ankaona ngati watsopanoyo akuposa. Nthawi zina ankapeza kuti amene akumuyamikirayo ndi wakale uja.

Pa tsiku lachitatu mtima unamuuza kuti abweze. Anakulunga zonse n'kupita.

"Mukhoza kubweza," anatero Kalulu, "ufulu ndi wanu. Koma ndikumva chisoni. Mwawaliza maola angati?"

"Mwina khumi."

"Khumi! Achimwene, ng'oma yatsopano amaiwamba pamoto isanalire. Kanembanemba kaja kakadali kouma. Kamafuna maola 200 kakulira usana ndi usiku, ndiye kamasuke. Mukabweza lero, wina adzadya nsima imene mwaphika inu."

Fisi anabwerera nawo. Anawaika pamtondo, n'kuwasiya akulira usana ndi usiku. Poti anali otseguka kumbuyo, nyumba yonse inamvera nawo. Tsoka sanagone, amake sanagone. Fisi ankalemba mizere pakhoma, ola lililonse mzere.

Masiku 7 ali ndi maola 168. Kalulu anali atawerengera kale.

Maola 200 atakwana, Fisi anavala n'kunena kuti tsopano asintha, asinthiratu. Mwina anasinthadi. Mwina khutu ndilo linazolowera, monga mphuno imazolowera fungo la m'nyumba mwake. Masiku obweza anali atadutsa, ndiye kunali bwino kuti asinthe.

Anayenda nawo pakhosi mwezi wathunthu, nambala 7 ikuyang'ana kunja.

Tsiku lina la msika anapeza chikhamu pansi pa mkuyu. Kalulu anali atayala mphasa, ndipo pamphasapo panali mahedifoni mulu, akuda bii. Opanda kope, opanda kudikira, mbuzi 4, tenga pita. Fisi ananyamula amodzi. Maginito omwewo, kanembanemba komweko, timabowo tomweto.

"Kalulu! Unati 40 okha!"

"Ndinatero, achimwene, ndipo sindinaname. A mlombwa ndi 40 okha, dziko lonse. Awa ndi a phingo."

"Unati udzaphwanya chikombole!"

"Ndinaphwanya. Gogomole anali nacho china."

Njoka anali pomwepo ndi mabokosi ake awiri osatsegula. Anayamba kuitanira pa mbuzi 10, n'kutsika pa 6, n'kutsika pa 4. Dzuwa litapendeka anawakoka kubwerera nawo kuuna.

Fisi anakhala pachitsa, malovu atauma. Kalulu anamusiya kuti apse pang'ono. Madzulo, anthu atabalalika, anadza n'kukhala pambali pake.

"Inu si wa phingo, achimwene. Phingo ndi wa aliyense. Mwaona, ngakhale Gologolo wagula. Khutu ngati lanu..." Anasiya pomwepo, n'kuyang'ana uku ndi uku. Anasolola kope latsopano, loyera, losalembedwa dzina ngakhale limodzi.

"A mbawa. Amafika pa 80,000 hertz. Ndi 12 okha, achimwene. Dziko lonse, 12 okha. Mkango sindinamuuze."

Fisi anayang'ana mzere woyambawo, wopanda kanthu.

"Ndi zingati?"

"Kwa ena 11. Kwa inu 8. Mubweretse akale aja, ndiwawerengera 2. Mungowonjezera 6."

M'khola munali mutatsala mbuzi 6. Kalulu anali atawerengera kale.

Usiku umenewo kiyi sanali pansi pa mphasa. Mkazi wake anali atamumangirira kuchitenje. Fisi anazungulira kumbuyo kwa khola n'kukumba pansi, monga ankachitira makolo ake m'makola a anthu ena.

Mmawa mwake Kamba anafika kwa Kalulu. Anapempha kumvera a mlombwa aja. Anabwera ndi nyimbo zake zojambulidwa bwino, n'kukakhala kuseri kwa nyumba kopanda phokoso. Anamvera nyimbo imodzi, n'kumvera ina, n'kumveranso yoyamba ija. Dzuwa linafika pamutu.

"Ndi abwino," anatero. "Mbuzi 3."

"Zinayi. Taonani nambala, 7 mwa 40."

"Nambalayo sindimva nayo. Zitatu."

Kalulu analandira. Anayesa kutchula ampu yolemera ngati mphero, koma Kamba anali atagula kale kaampu kakang'ono kwa Nyani, pamtengo wa nkhuku zitatu, ndipo kankakankha bwinobwino. Waya anatenga wam'bokosi.

Kalulu mwini, madzulo akakhala pakhonde pake pakati pa mbuzi, ankamvera kawayilesi ka mabatire awiri. Mahedifoni ankamupweteka makutu.

Anakolola. Uthenga unabwera: mbawa siinaume. Tikuchita izi chifukwa chokukondani.

Usiku wina kunja kuli zii, Fisi anakhala pakhomo pa khola, chitseko chili chotsegula poti munalibe chotsekera. M'dzanja anali ndi kapepala kolembedwa nambala 1 mwa 12. M'nyumba, ampu ija anali atafunditsa nsalu, ndipo nkhuku inali itaikira pamwamba pake. Kuchokera kwa Kamba kunkamveka kanyimbo kotuluka m'timabowo tija, ng'oma ikugunda pang'onopang'ono.

Mkazi wake anatuluka n'kutchera khutu.

"Bambo a Tsoka, si anu aja akuimbawa? Akumveka bwino."

Fisi anamvetsera, n'kukwinya nkhope.

"Ndi akale amenewo," anatero. "Apamwamba mulibe."

Anapinda kapepala kaja bwinobwino, n'kukaika m'thumba la pamtima, n'kufunsa ngati mitambo ya kum'mawa ija inali ya mvula.