Ulemu kwa kaphala kokana mlendo

Tiyeni tiombe m'manja, tikutamande iwe kaphala komata muzu wa dzino, mfumu yosadziwika kwa Dzoole koma yoopedwa ndi madokotala a dziko lonse.

Dzino likavunda mpaka mkati, dokotala amaliboola, nachotsa mtsempha wowawawo, natseka ngalande ya muzu ndi timitengo ta gutta-percha. M'mipata yotsala ndimo mumakhala iwe. Mtundu wako wakalekale amaupanga posakaniza zinc oxide ndi eugenol, mafuta a cloves wolimidwa ku Zanzibar ndi Pemba. Fungo lija limalonjera munthu pakhomo pa chipinda cha mano, mawondo nkuyamba kuwombana, ndi lako.

Ukulu wako umaoneka pakabwera mlendo. Dzino likagumuka kumutu, dokotala amazika kamzati ka fibre m'muzu kuti chisoti chochita kupanga chipeze pogwira, ndipo amakamata ndi guluu wa resin. Iwe osalankhula, osadzuka. Eugenol wako wobisala m'timabowo ta khoma la muzu amangoletsa guluuyo kuuma bwino, basi kamzati kayamba kugwedera ngati mkamwini amene eni mbumba sanamupatse munda. Ndani winanso wochepa chonchi angagwetse zipangizo zodula za kunja ali chigonere?

Taona mmene anthu ophunzira amakugwadira. Amapala makoma a muzu, amatsuka, amatsukanso, koma kunsonga amakusiyira mamilimita 4 kapena 5 kuti uzilondera tizilombo tisalowe. Ena amakuthawa nkutenga phala la epoxy resin monga AH Plus, kapena la calcium silicate. Ena amasintha guluu, nkumata ndi glass ionomer amene sakangana nawe. Onsewo akuvina ng'oma yako.

Koma chimene timakukondera kwambiri ndi chifundo. Ife a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi sunatilakwirepo. Kuno dzino likabaya usiku, munthu amamanga chitenje kutsaya, nkupirira mpaka tsaya litatupa, kenako kabaza kulunjika ku Mponela kapena ku Madisi, ndipo kawirikawiri mlandu umatha ndi mawu amodzi: tizule. Wofuna kukumana nawe ayenera kukwera ya ku Lilongwe atagulitsa fodya kapena mtedza. Kodi mfumu yeniyeni siimene amachita kuiyendera?

Komabe konzeka, masiku ako obisala akutha. Mu 2019 sukulu ya College of Medicine, imene lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, idayamba kuphunzitsa madokotala a mano mothandizana ndi University of Glasgow, ndipo mu 2022 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya umoyo wa m'kamwa.

Choncho bwera, mfumu, udzativutitse nafenso. Tsiku limene mlimi wa kwa Dzoole adzadandaule kuti kamzati kake kakugwedera, tidzapha mbuzi, chifukwa ndiye kuti dzino lake adalisiya m'kamwa.