Ukaipa dziwa nyimbo, ngakhale pa kanema

Agogo anga anali ndi njira yawo akamakamba nthano. Nkhani ikawasokonekera, mwina kalulu amene anamira dzulo wapezeka akudya mtedza m'munda mwa mfumu, sankataya nthawi kufotokoza. Ankangoyambitsa nyimbo, ife n'kumavomera uku tikuwomba m'manja, ndipo nyimbo ikamatha, funso lija linali litaiwalika. Ukaipa dziwa nyimbo, amatero akuluakulu. Iwo ankanena za munthu amene nkhope sinamuyendere bwino, kuti apeze luso lina loti anthu amukondere. Koma amene anaugwiritsitsa mwambiwu masiku ano ndi olemba masewero a pa kanema.

Kumbukirani Game of Thrones. Mu 2019, HBO inaulutsa magawo 6 otsiriza a seweroli, ndipo kuno ena ankadzuka m'bandakucha kuti aonere pa DStv anzawo asanawaululire. Seweroli linachokera m'mabuku a George R.R. Martin, koma mkuluyu buku lake lachisanu analitulutsa mu 2011, lachisanu ndi chimodzi n'kukhala "likubwera", ngati ngongole ya mlamu. Olemba seweroli, David Benioff ndi D.B. Weiss, anatsala okha pamphambano, ndipo zinaonekera. Daenerys, amene kwa zaka zonsezo ankamasula akapolo, anangomva mabelu akulira n'kutentha mzinda wonse. Pagawo lina, patebulo la mafumu akalekale panaiwalidwa kapu ya khofi ya masiku ano. Gawo la nkhondo yaikulu, The Long Night, linali lamdima moti mnzanga wina anatuluka panja kukafunsa ngati magetsi athima. Wojambula wake, Fabian Wagner, atafunsidwa anati vuto ndi lakuti anthu ambiri sadziwa kutchuna ma TV awo. Nsima yapserera, wophika akuti vuto ndi lilime lanu.

Oonera anakwiya. Anthu opitirira 1 miliyoni anasaina pa Change.org kupempha kuti magawowo ajambulidwenso ndi olemba odziwa ntchito. HBO sinatekeseke. Nanga ikanatekeseka bwanji? Gawo lomaliza, pa 19 May, linaoneredwa ndi anthu 19.3 miliyoni ku America kokha. Chaka chomwecho seweroli linalandira mphoto ya Emmy ya sewero lopambana, ndipo Ramin Djawadi, wopeka nyimbo zake, analandira Emmy yakeyake chifukwa cha gawo lomwe lija lamdima. Apa mwambi uja sunafunenso womasulira: anthu sanaone kanthu, koma nyimbo anaimva.

Nthendayi ndi yakale. Mu 1985 olemba sewero la Dallas anapha Bobby Ewing. Anthu atayamba kuthawa seweroli, mu 1986 Pam, mkazi wake wakale wa Bobby, anadzuka m'mawa n'kumupeza malemuyo akusamba, ali gwa. Kufotokoza kwake? Zonse za chaka chathunthu anali maloto. Agogo anga akanayesa zimenezi, tikanawasiya okha pamoto.

Masewero anthabwala ali ndi nyimbo yawoyawo. M'zaka za m'ma 1950, Charles Douglass anapanga makina osungira phwete, oti nthabwala ikakhala yopanda mchere, batani likanikizidwe, khamu losaoneka lisekere m'malo mwathu. Zili ngati kulemba aganyu oti adzalire pamaliro ako.

Koma akatswiri enieni ndimawaona madzulo aliwonse pa Zee World. Mtsikana wagwetsa mbale. Basi. Kamera ipita pankhope ya apongozi, ng'oma igunda. Ipita kwa mwamuna wake, igundanso. Ipita kwa azakhali, kwa wantchito, kwa mlendo amene sakudziwa n'komwe kuti mbaleyo ndi ya ndani, kenako ibwereranso kwa apongozi katatu, mphezi ikung'anima ngakhale kunja kuli dzuwa. Mbale imodzi imatha kudya gawo lonse. Munthu amafa Lolemba, n'kubwera mwezi wamawa ndi nkhope ina, ataiwala dzina lake koma osaiwala kumene kuli chuma cha banja.

Wodzudzula wamkulu wa zonsezi kunyumba kwathu ndi mayi a ana. Amayamba kanema asanatenthe n'komwe. "Bodza ili. Munthu angagwe paphiri lotere osathyoka ngakhale chala? Amene amalemba zimenezi amatitenga ngati ana." Tsiku lina ndinawamvera chisoni, ndinatenga rimoti kuti ndiwapulumutse, tione mpira.

"Bambo a Chisomo, bwezani."

"Si mwati ndi zabodza?"

"Ndi zabodza, inde. Koma ndikufuna ndione ngati apongoziwo adziwe kuti mwanayo si wawo."

Ndinabweza. Ng'oma inagunda, kamera inapita pankhope ya azakhali, ndipo ineyo ndi amene ndinafunsa kuti kodi amene waima pakhomoyo si uja anamira sabata yatha.